Mawu acisanu: cimene cimasunga munthu m'kwaya ya barbershop kwa zaka 50

M'matauni ambiri a ku America ndi ku Canada muli usiku umodzi pa mlungu, kawirikawiri pa Mande kapena pa Ciwiri, pamene anthu amasonkhana m'holo ya chechi kapena ya sukulu kuti aimbe popanda ng'oma, gitala kapena piyano. Amaima pa masitepe okwera pang'onopang'ono, opindika ngati mwezi, kuti aliyense azimva mnzake ndi kuona woimbitsa. Mmodzi amaliza kapaipi kakang'ono kopatsa poyambira, onse amang'ung'udza pang'ono, kenaka nyimbo iyamba. Palibe amene amalandirapo malipiro. Ndipotu iwo ndiwo amalipira ya umembala, ya yunifomu ndi ya maulendo. Koma pakati pawo mupeza madoda a imvi amene akhala akubwera usiku umenewo kwa zaka 40 kapena 50, ndipo bungwe lawo lili ndi mwambo wolemekeza amene akwanitsa zaka zoterozo.

Ife amene tinakulira m'makwaya tidziwa kuti kuimba pamodzi kumakoma. Tidziwanso kuti kwaya imatha. Wina wakwatira, wina wasamuka cifukwa ca nchito, ena akangana pa nkhani ya ndalama, basi pa benchi patsala atatu. Conco funso limene latikoka ndi ili: n'ciani cimene cimasunga munthu pa masitepe amenewo kucokera ku unyamata mpaka ku ukalamba? Yankho lili m'kaimbidwe kake ndiponso m'mbiri yake, ndipo mbiriyo ili ndi mbali yowawa imene membala wakale aliyense wafunika kuyang'anizana nayo.

Tiyambe ndi kaimbidwe. Barbershop imaimbidwa m'mawu anayi. M'makwaya athu soprano ndiye amanyamula nyimbo pamwamba, koma kuno wonyamula nyimbo, amene amamuchula kuti lead, ali pakati. Tena amaimba pamwamba pake ndi mawu opepuka. Besi amakhala pansi ngati maziko a nyumba. Baritone amatola noti iliyonse imene yatsala kuti chord ikwane, nthawi zina pamwamba pa lead, nthawi zina pansi pake. Mbali ya baritone ukaimva yokha imamveka ngati munthu wasocera m'thengo, ndipo oimba anzake amakonda kumuseka cifukwa ca ici. Koma mukamucotsa, nyimbo imatsala ndi mphako.

Cinsinsi cili pa mmene anayiwa amachunira mawu awo. Piyano inakonzedwa kuti manoti ake onse atalikirane mofanana, kotero ma chord ake amakhala pafupi ndi pamene ayenera kukhala koma safikapo ndendende. Pakhosi pa munthu palibe malire amenewo. Woimba angakweze kapena kutsitsa noti pang'ono ngako mpaka igwirizane kotheratu ndi ya mnzake. Chord imene oimba barbershop amaikonda kopambana ndi ija imene manoti ake anayi amanjenjemera molingana ndi manambala 4, 5, 6 ndi 7. Anayiwo akaipeza bwino, onse atatsegula pakamwa mofanana, m'cipinda mumamveka noti ina pamwamba imene palibe amene akuiimba. Iwo amati chord yalira ngati belu. Ena amati abwera mawu acisanu. Ofufuza za kamvekedwe ka mawu amafotokoza kuti liwu lililonse la munthu lili ndi timanoti tina tobisika pamwamba pake, ndipo timeneti tikakumana pa malo amodzi timalimbitsana mpaka khutu litimva.

Apa ndiye pali mbali yoyamba ya yankho lathu. Mawu acisanuwo sungawapange wekha, ngakhale utakhala katswiri wotani. Suwagula m'sitolo, ndipo ngakhale ojambulidwa bwino samveka ngati mmene amamvekera utaima pakati pa oimbawo, cifuwa cikunjenjemera. Kuti uwamvenso, ufunika anthu ena atatu amene avomera kusiya kudzionetsa n'kumvetsera. Mutu umodzi susenza denga. Munthu amene anawamva ali ndi zaka 25 amabwereranso mlungu wotsatira kukawafuna, ndipo asanazindikire papita zaka 50.

Nanga kaimbidwe aka kanacokera kuti? Kwa zaka zambiri cithunzi cimene dziko linali kuona cinali ca azungu anayi a ndevu za pamlomo, ovala zipewa za udzu ndi majekete a mizeremizere. Koma mizu yake yaikulu ili pakati pa anthu akuda a kum'mwera kwa America, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ukapolo unali utangotha mu 1865, ndipo malamulo a tsankho anali kuwaletsa kulowa m'mahotela, m'makalabu ndi m'maholo ambiri. Malo ometera tsitsi anali amodzi mwa mabizinesi ocepa amene munthu wakuda anali kutha kukhala nawo, conco anasanduka bwalo la amuna. Poyembekezera kumetedwa, kapena madzulo atakomboka ku nchito, anali kuimba. Mmodzi ayambitsa nyimbo, enawo afunafuna mawu awo ndi khutu cabe, popanda pepala. Akapeza chord yokoma anali kuikokera, kuibwereza, nyimbo yeniyeniyo n'kuiiwala.

Wolemba mabuku James Weldon Johnson, amene anakulira ku Jacksonville ku Florida, anakumbukira mu 1925 kuti pa unyamata wake pafupifupi malo alionse ometera tsitsi a anthu akuda kumeneko anali ndi gulu lake la oimba anayi. W. C. Handy, amene amachuka pa nyimbo za blues, anaimbapo m'gulu lotero. Louis Armstrong ali mwana anali kuimba ndi anzake atatu m'misewu ya New Orleans kuti apeze tindalama. A Mills Brothers, amene anadzachuka padziko lonse, anali ana a wometa tsitsi wa ku Piqua ku Ohio, ndipo anali kuimba pa shopu ya atate awo. Mu 1910 kunatuluka nyimbo yochedwa Play That Barber Shop Chord, imene inachuka pakamwa pa Bert Williams, woseketsa wakuda, ndipo inathandiza kufalitsa dzina la kaimbidweka.

Kuno kum'mwera kwa Africa mtsinje umenewu unatifikako. Mu 1890 gulu la oimba akuda a ku America lotsogoleredwa ndi Orpheus McAdoo linafika ku Cape Town, ndipo linathera zaka zingapo likuyendayenda m'South Africa mpaka 1898. Ofufuza mbiri ya isicathamiya amachula maulendo amenewo monga cimodzi mwa zinthu zimene zinaumba kaimbidwe ka amuna a m'makomboni a nchito. Pambuyo pake a Manhattan Brothers a ku Johannesburg anatengera zambiri kwa a Mills Brothers. Ndiye ngati khutu lathu limva cibale tikamvetsera barbershop, silinanamizidwe.

Makampani oyamba ojambula nyimbo ataona kuti kaimbidweka kali ndi msika, anajambula kwambiri magulu a azungu monga Haydn Quartet, Peerless Quartet ndi American Quartet. Malekodi awo ndiwo analowa m'nyumba za anthu miyandamiyanda, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kuganiza kuti eni ake ndi amenewo. Kenaka m'zaka za m'ma 1920 kunabwera jazz, magule atsopano, maikolofoni ndi wailesi. Ife okonda wailesi tiyenera kuvomera kuti cida cathu cinathandiza kuzimitsa motowo. Anthu amene kale anali kudziimbira okha pakhonde anayamba kukhala pansi n'kumvetsera ena. Pofika m'ma 1930, magulu a anayi a m'misewu anali atacepa.

Mu 1938 amuna awiri a ku Tulsa ku Oklahoma anakumana mwangozi m'hotela ku Kansas City. Wina anali Owen C. Cash, loya wa za misonkho, ndipo wina anali Rupert I. Hall, wa za mabanki. Anadandaulirana kuti nyimbo za unyamata wawo zikufa. Atabwerera kwawo analemba kalata yoitana anzawo, ndipo pa 11 April 1938 amuna 26 anasonkhana pamwamba pa nyumba ya Tulsa Club n'kuimba. Pa msonkhano wacitatu anafika pafupifupi 150. Cash anali munthu wanthabwala. Anapatsa bungwelo dzina lalitali dala, lofupikitsidwa kuti SPEBSQSA, poseka maofesi a boma la nthawiyo amene anali ndi maina a zilembo zokhazokha. Manyuzipepala anaikonda nkhaniyo, ndipo nthambi zinaphuka m'matauni ena. Mpikisano woyamba unacitika ku Tulsa mu 1939, ndipo anapambana anali a Bartlesville Barflies.

Onani cimene cinayambitsa bungweli. Anali amuna acikulire olakalaka cinthu cimene anacikonda ali anyamata. Cikondi ca membala wakale ndico cinali mwala woyamba. Koma cikondi cimeneco cinali kukumbukira zina n'kuiwala zina, ndipo ciyeso cinafika msanga.

Mu 1941 mzinda wa New York unacititsa mpikisano wake, ndipo anapambana anali a Grand Central Red Caps, amuna anayi akuda ogwira nchito yonyamula katundu wa apaulendo pa siteshoni ya sitima ya Grand Central. Anayenera kupita ku mpikisano wa dziko lonse ku St. Louis. Bungwe linakana cifukwa ca khungu lawo. Alfred E. Smith, amene anakhalapo bwanamkubwa wa New York, ndi Robert Moses, mkulu woyang'anira mapaki a mzindawo, anacoka m'bungwemo pokwiya ndi zimenezi. Koma citseko cinakhalabe cotseka, ndipo lamulo loletsa anthu akuda linacotsedwa mu 1963. Tangoganizani: ana a amene anaumba kaimbidweka anaimitsidwa pakhomo la bungwe limene linati likukasunga.

Azimayi nawo anali kunja. Mu 1945, ku Tulsa komweko, Edna Mae Anderson anasonkhanitsa azimayi ndipo anayambitsa Sweet Adelines. Amenewanso anagwa m'dzenje lomwelo. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 analemba lamulo loti mamembala akhale azungu okha. Nthambi zina zinakana, zinacoka, ndipo mu 1959 zinayambitsa bungwe lina, Harmony, Incorporated, lolandira mkazi aliyense. Azimayi amenewo anataya mabwenzi ndi mpikisano umene anauzolowera, koma anasankha kuimba ndi citseko cotsegula.

Poyamba zonse zinali za magulu a anayi. Koma si aliyense amene ali ndi mtima woima yekha pa mbali yake pamaso pa anthu. Conco nthambi zinayamba kuimba onse pamodzi, amuna 30, 60, ngakhale oposa 100, atagawidwa m'mawu anayi omwe aja. M'zaka za m'ma 1950 mpikisano wa makwaya unakhazikika, ndipo kwaya inasanduka nyumba ya munthu wamba. Ya ku Dallas yochedwa Vocal Majority inapambana koyamba mu 1975 ndipo yatenga mendulo ya golide koposa ka 10. Jim Clancy anaiimbitsa kwa zaka pafupifupi 40, kenaka mwana wake Greg anatenga malo. Koma makwaya ambiri sanalawepo mendulo. Amaimba m'nyumba zosungira okalamba, m'zipatala, pa maliro a anzawo, ndipo mu February amagawikana anayianayi kukaimbira anthu nyimbo za cikondi m'maofesi ndi m'makomo kuti apeze ndalama zoyendetsera nthambi.

Apa pali mbali yaciwiri ya yankho. Bungweli linapanga miyambo imene imamanga anthu. Kuyambira mu 1971 pali nyimbo zimene membala aliyense amalimbikitsidwa kuphunzira, kotero kuti munthu wa ku Texas akakumana ndi wa ku Ontario pa bwalo la ndeke angathe kuimba pamodzi asanafunsane maina. Pali tizidutswa tochedwa tag, mathero a nyimbo a mizere yocepa cabe, mmene ma chord okoma aunjikana. Tag imaphunzitsidwa pakamwa m'mphindi zisanu, ndipo pa misonkhano yaikulu anthu amaimba ma tag m'makonde a hotela mpaka mbandakuca. Katswiri wa mendulo amaima ndi mlendo wa dzulo n'kumuphunzitsa mbali yake. Pali ciceza ca pambuyo pa konsati, pamene amadya, kumwa ndi kuimbanso. Ndipo misonkhano yambiri imatsekedwa ndi nyimbo imodzi yomweyo, Keep the Whole World Singing.

Tiyerekeze moyo wa munthu amene analowa m'kwaya yotero ali mnyamata m'zaka za m'ma 1970. Wasintha nchito, ana akula n'kucoka pakhomo, mwina waika m'manda mkazi wake. Mawu ake atsika, mpweya wacepa, ndipo tsopano amaimba atakhala pa mpando kutsogolo cifukwa maondo salola masitepe. Cimene sicinasinthe ndi usiku wa pa Ciwiri. Anthu amene waima nawo phewa ndi phewa amadziwa mmene amapumira asanayambe mzere. Akadwala amabwera kudzamuimbira m'wodi. M'dziko limene amuna acikulire ambiri amakhala okhaokha m'nyumba, ici si cinthu cacing'ono. Kwathu kuno mudzi, chechi ndi maliro zimatisonkhanitsa kaya tifune kapena tisafune. Kumeneko munthu afunika kudzipezera yekha mudzi, ndipo kwa ambiri kwaya ndiyo mudziwo.

Munthu yemweyo, m'zaka zake za umembala, anauzidwa kuti nkhani imene anaiphunzira inali yosakwanira. Mu 1992 wofufuza wa ku New Orleans, Lynn Abbott, anafalitsa nkhani yaitali m'magazini ya American Music yosonyeza ndi umboni wa manyuzipepala akale ndi zokamba za okalamba kuti barbershop inakulira pakati pa anthu akuda. Jim Henry, amene iye mwini ndi besi wa gulu lopambana mendulo ya golide, anafufuza nkhaniyi pa maphunziro ake a udokotala n'kufika pa mfundo yomweyo. Mu 2003 Gage Averill anatulutsa buku la mbiri yonse lochedwa Four Parts, No Waiting. Bungwe linalandira zimenezi pang'onopang'ono. Mu 2004 linayamba kudzichula kuti Barbershop Harmony Society, ndipo mu 2007 linasamutsa likulu lake kucoka ku Kenosha kupita ku Nashville. Mu 2017, pa msonkhano wa ku Las Vegas, linapatsa a Grand Central Red Caps umembala umene anamanidwa. Panali patapita zaka 76, ndipo onse anayi anali atamwalira. Mu June 2018 linatsegula umembala kwa azimayi, n'kusiyira nthambi iliyonse ufulu wosankha kukhala ya amuna, ya akazi kapena yosakaniza.

Kusintha kumeneku sikunakondweretse onse. Mamembala ena akale anaona ngati malo awo acibale ca amuna akulandidwa, ndipo ena anapita kukayambitsa gulu la amuna okhaokha. Kunalinso mkangano wina wakale pakati pa ofuna kusunga nyimbo za makolo momwe zinalili ndi ofuna kuimba nyimbo zatsopano zokopa acinyamata. Sitifuna kuwaseka amadodawa. Munthu amene wapereka zaka 40 ku cinthu amaopa kucitaya, ndipo mantha amenewo amacokera m'cikondi. Koma ciwerengero ca mamembala cakhala cikutsika kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo makwaya ambiri aang'ono akalamba pamodzi ndi oimba ake. Kwaya imene silandira mlendo imatha pa maliro a besi wake womaliza.

Pamene citseko catseguka, kaimbidweka kapeza moyo kumene Cash sanali kuyembekezera. Ku Britain bungwe la oimba barbershop linakhazikitsidwa mu 1974. Kuli ena ku Sweden, Germany, Australia, New Zealand, ndiponso ku South Africa kumene bungwe lawo limachedwa SPATS. Mu 2012 anyamata anayi a ku Sweden ochedwa Ringmasters anakhala oyamba ocokera kunja kwa North America kupambana mpikisano waukulu wa magulu a anayi, ndipo mu 2014 anapambana a Musical Island Boys a ku New Zealand, ana a mitundu ya zilumba za Pacific. Acinyamata ambiri masiku ano amakumana ndi barbershop koyamba pa YouTube, n'kuphunzira ma tag pa foni.

Mliri wa korona unasonyeza poyera cimene cili pakati pa zonsezi. Mu 2020 kuimba pagulu kunakhala koopsa, makamaka kwa okalamba, ndipo misonkhano yaikulu ya 2020 ndi 2021 inalephereka. Makwaya anasamukira pa Zoom. Anali kuonana nkhope, kufunsana za umoyo, kuphunzira mawu a nyimbo. Koma kuimba pamodzi kunakanika, cifukwa pa intaneti liwu la aliyense limafika mocedwa pang'ono ndipo mosiyana. Aliyense anali kuimba yekha m'cipinda cake atatseka maikolofoni. Mawu acisanu aja sanabwere. Ena anafika pokumana pa malo oimika mamotoka, aliyense m'motoka yake kapena ataima patali, kuti angomvako chord imodzi.

Ndiye tikafunsa cimene cimasunga munthu m'kwaya ya barbershop kwa zaka 50, tipeza kuti ndi cinthu cimene iye alibe mphamvu yocisunga yekha. Cimakhalapo pokhapo pamene ena aima pafupi naye. Amuna a ku Jacksonville anacipeza m'malo ometera tsitsi cifukwa zitseko zina zonse zinali zotseka. Amuna a ku Tulsa anacipulumutsa ku imfa, koma anatseka citseko cawo. Zinatenga zaka 25 kuti lamulo la khungu licoke ndi zaka 80 kuti mkazi alowe. Membala wakale wa lero wanyamula mbiri yonseyo, yokoma ndi yowawa yomwe.

Ndipo nchito yake yaikulu tsopano ndi yosavuta kuifotokoza. Mlendo akalowa m'holo usiku wa pa Ciwiri, kaya ndi mtsikana wa ku koleji, kaya ndi mdzukulu wa wonyamula katundu pa siteshoni, mkuluyo amanyamuka pa mpando wake, amaitana ena awiri, n'kumuuza mlendoyo kuti agwire noti imodzi cabe ndipo asaisiye. Atatuwo amazungulira notiyo mpaka chord itakhazikika. Mlendo akatukula maso kufunafuna amene akuimba pamwamba, mkulu uja amadziwa kuti mlungu wamawa adzabweranso.